Miyendo ya Apongozi Anga

1

Ndine Vaileti, ndimakhala ku Nsungwi kuno ku Area 25, ndipo ntchito yanga ndi yosoka. Anthu amati ndine mayi wofatsa, wosajomba ku chigwirizano. Akamatero ndimangoyang'ana pansi, chifukwa zaka zitatu zapitazo ndinathamangitsa nkhalamba m'nyumba mwanga ndi pakamwa pokha, ndipo mpaka lero ikuyenda chozolika chifukwa cha ine.

Ndinakulira ku Kawale, Mchewa wa m'tauni wozolowera kuseka ndi aliyense. Mu 1993 ndinakwatiwa ndi Lusayo Mwangolera, Mngonde wa ku Karonga, amene ankagwira ntchito pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Tinkachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri zoyang'anizana, pakati pake kampata kopita pabalaza ndi kukhomo lakuseri, komwe tinkakatcha paseji. Chimbudzi chinali panja. Makina anga ankakhala pabalaza, pawindo, ndipo makasitomala ankangolowa ngati kwawo.

Mu Epulo 1995 kunabwera kalata. Bambo ake a Lusayo, a Laws Mwangolera, mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo kwawo, anali kudza ku chipatala chachikulu chifukwa cha zilonda za m'mimba. Akazi awo anali atamwalira kale. Tsiku lomwelo mlamu wanga Zipora, mchemwali wake wamkulu wa Lusayo, anakwera minibasi kuchokera ku Chilinde kudzandilanga.

"Mlamu, mvetsetsa," anatero. "Kwathu mkazi wa mwana timati mkamwana, ndipo mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Nkhope yawo usaione, iwonso yako asaione. Akalowa pabalaza, iwe tuluka. Mukakumanizana mwangozi, funda chitenje kumutu, tembenukira kukhoma."

"Nanga ndikafuna kuwauza kanthu?"

"Uza ine kapena mwamuna wako."

"M'kanyumba kano, mlamu? Munthu akayetsemula kuchipinda uko, kuno timanyowa."

Zipora anaseka. "Mlendo ndi mame. Masabata awiri okha, uona apita."

Ndinavomera. Pa ukwati wathu apongozi angawo anakhala kutali ine nditaphimbidwa, ndiye ndinkaona ngati ndi sewero losavuta.

2

Masabata awiri anasanduka miyezi iwiri. Makina ndinawasamutsira kuchipinda, komwe kunali mdima ngakhale masana. Makasitomala anayamba kutha, poti ndani angavule kuti ayese diresi pabalaza pali abambo akuwerenga Baibulo? Chakudya ndi tiyi ndinkasiya pa kampando m'paseji, n'kugogoda kawiri, n'kuthawa. Iwo ankayankha ali uko, "Ndaga," ndiko kuthokoza kwa kwawo.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinanditopetsa chinali kuyenda.

Masana anali munthu wabwinobwino. Koma dzuwa likangolowa, akakhala pansi kuti amvere nkhani pa wailesi, zinkayamba. Mpando unkalira, mapazi n'kumapalasa simenti, kenako ankadzuka. Pabalaza, paseji, khomo lakuseri, kubwerera. Nkhwaa, nkhwaa, masilipasi awo. Akagona, pasanathe theka la ola adzukanso. Ndipo malinga iwo ali m'paseji, ine sindikanatuluka. Mayi wa panyumba yanga ndinayamba kugona ndi ndowa kuchipinda.

Ndinamukakamiza Lusayo kuti awafunse. Ndinamvetsera ndili kuseri kwa chitseko.

"Tata, bwanji simukhala pansi?"

"Ndi miyendoyi, mwana wanga. Sikuti ikupweteka ayi. Zili ngati muli nyerere zikuyenda m'kati mwa fupa, mosakandika. Ndikayenda zimaleka. Ndikangokhala, zabwerera."

"Adokotala munawauza?"

"Anaigogoda ndi kanyundo, anati ilibe kanthu. Anandiuza kuti ndichepetse maganizo."

Lusayo atabwera kuchipinda anangoti, "Wamva yekha. Ndi ukalamba. Pirira, Vai."

Iye kupirira kwake kunali kophweka. Inali sizoni ya fodya, ankagwira naiti, akamabwera m'mawa n'kupeza bambo ake akugona ngati khanda. Amene ndinkawerenga mapazi aja ndinali ine. Kutchalitchi nako nkhalambayo sinkatha ulaliki ili pansi, inkakaima kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo amayi anayamba kunong'onezana. Wina anandifunsa pa mpopi ngati apongozi anga amayenda ndi miyendo yokha usiku, kapena alinso ndi ndege ya lichero.

Mu Juni zinafika poipa. Kuyenda kumene kunkatha cha pakati pa usiku kunayamba kufika tambala woyamba. Nthawi zina ndinkamva akudziguguda, akubuula. Maso anga anafiira, ndinasoka dzanja la bulauzi ya mwini mozondoka, ndipo kasitomala wanga womaliza anatenga nsalu yake osatsanzika.

3

Linali Lachinayi. Lusayo anabwera m'mawa akununkha fodya, anakhala pabedi n'kumavula nsapato.

"Dzulo ndinaperekeza Tata kuchipatala," anatero. "Akuti magazi ndi ochepa, zilonda zija zikutayitsa. Akhala kuno miyezi ina itatu."

Miyezi itatu. Ndowa ija inali pakona, ndisanakataye.

"Ine sindingathe," ndinatero.

"Ndiye ndiwatani? Ndi bambo anga."

"Bambo ako amaima pakhomo pano iwe ukachoka."

Anasiya nsapato. "Ukuti chiyani?"

Ndikanatha kubweza pamenepo. Mtima unandiuza kuti nditseke pakamwa, koma lilime linali litatsetsereka kale.

"Usiku wathawu anagwira chogwirira cha chitseko. Anachitembenuza kawiri. Mwayi ndinali nditakhoma."

Lusayo sanakuwe. Anangoyang'ana chitsekocho nthawi yaitali, kenako anavalanso nsapato zake n'kutuluka. Anabwera madzulo ndi Zipora, amalume awo a Mackson a ku Area 49, ndi akuluakulu ena awiri a kwawo.

4

Mlandu unakambidwa pabalaza. Ine, monga mwa mwambo, ndinakhala kuchipinda chitseko chili chotsegula pang'ono, Zipora ataima m'paseji kuti azinyamula mawu.

A Mackson ndiwo ankafunsa. "Alamu, usiku wa Lachitatu munali m'paseji?"

"Ndinalimo."

"Nthawi yanji?"

"Usiku wonse."

"Kufuna chiyani pakhomo pa mwana?"

"Sindinafune kanthu. Ndi miyendoyi."

Wina anatulutsa kaphwete. A Mackson anausa moyo. "Miyendo imene adokotala anaiyeza n'kupeza kuti ilibe kanthu? Alamu, ndinu mphunzitsi. Tipezereni yankho lina. Tikudziwa kuti mlongo wathu anatisiya kale, thupi ndi thupi, koma mkamwana?"

Kenako ndinamva mawu a apongozi anga, odekha, a munthu wozolowera kuima kutsogolo kwa kalasi.

"Zipora, mufunse mwanayo. Kodi anandiona ndi maso ake?"

Zipora anasuzumira kuchipinda. "Wamva funso."

Ndinayankha mokweza kuti onse amve. "Ndingawaone bwanji, poti mwambo sulola? Ndinangomva chogwirira chikutembenuka."

"Mwamva," anatero a Mackson. "Mwana wa eni, Mchewa, akusunga mwambo wathu. Wouphwanya ndi ife eni ake."

Apongozi anga sanatsutse. Anangoti, "Lusayo, iwenso ukukhulupirira?"

Lusayo sanayankhe.

M'mawa mwake anapakira okha zovala. Ndinamva chikwama chikukhula khoma la paseji, kenako mawu awo chapansipansi, osalunjika kwa munthu, "Tsalani bwino m'nyumba muno." Lusayo sanawaperekeze ku depoti. Mankhwala a zilonda aja anathera pomwepo. A Mackson analemba kalata kumudzi, ndipo pasanathe mwezi tinamva kuti mpingo wawo wawaimitsa pa ukulu ndi pa mgonero.

Makina anabwerera pawindo. Ndinagona tulo tokoma, sindinama, ndipo makasitomala anabweranso. Kunyumba kwathu dzina la Karonga silinkatchulidwa.

5

Chaka chotsatira ndinaima. Mimba itafika miyezi isanu ndi iwiri, tsiku lina madzulo ndili pampando ndikupinda siketi, ndinamva kanthu m'akatumba. Sikunali kupweteka, sikunali dzanzi. Ndinakanda, koma poyabwapo sipanali pakhungu. Ndinatambasula miyendo, ndinaipinda, ndinaisanjikiza. Nditaimirira zinaleka. Nditakhala zinabwerera.

Patangotha masiku atatu, ndinali nditayamba kuyenda. Pabalaza, paseji, khomo lakuseri, kubwerera, mimba ili patsogolo, tulo tili m'maso koma miyendo ikukana. Ndinkalira ndi ukali. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, koma ine ndinkaganiza kuti nkhalamba ija yanditumizira zinthu kuchokera ku Karonga.

Sizoni inali itatha, Lusayo ankagona pakhomo. Usiku wina ndinatembenuka m'paseji n'kumupeza ataima pakhomo la chipinda, manja atapinda.

"Bwanji sukugona?"

"Miyendo," ndinatero.

"Ikutani?"

"Ngati muli nyerere m'kati mwa..."

Sindinamalize. Iye anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumaso, n'kubwerera kukagona.

Ku sikelo ndinapeza namwino wachikulire, mayi Fatimah, wa mawu okweza ngati akukalipa pamene akuseka. Ndinawafotokozera mwamanyazi, ndikudikira kuti andiseke.

"Zimayamba madzulo ukakhala pansi?" anafunsa. "Ukayenda zimaleka?"

"Eya. Mwadziwa bwanji?"

"Mwana wanga, amenewo ndi matenda, mabuku amawatcha miyendo yosakhazikika. Inenso anandigwira pa mimba ziwiri. Samaoneka ndi maso, n'chifukwa chake ambiri amabwezedwa kuti alibe kanthu. Vuto lili m'mitsempha. Amakonda amayi oyembekezera, okalamba, ndi anthu amene magazi awachepera." Anakoka chikope changa. "Taona, mwayera ngati pepala."

Anandipatsa mapiritsi a ayironi owonjezera magazi. Anati ndizidya nyemba, bonongwe, ndi chiwindi ndikachipeza. Tiyi wamadzulo ndisiye. Ndisanagone ndiziwongola miyendo, kusisita akatumba, kuwaviika m'madzi ofunda, ena amati ozizira ndiwo amawathandiza. Zikavuta ndidzuke ndiyende, si mlandu.

"Kwa iwe mwina zidzatha ukangochira," anatero. "Kwa okalamba zimakhalitsa, koma zimachepa. Chimodzi chokha usayerekeze: timapiritsi ta chimfine togonetsa tija. Anthu amamwa kuti apeze tulo, koma pa matenda awa kuli ngati kuthira parafini pamoto. Mutu umafuna kugona, miyendo n'kupenga kawiri."

Ndinagwira tebulo.

"Bwanji, chizungulire?"

"Munthu akamamwa titatu tsiku lililonse?" ndinafunsa.

"Titatu? Ameneyo sangagone n'komwe. Ndani wakupatsa zimenezo?"

Ndinawauza kuti palibe, ndinangofunsa.

6

Tsopano ndinene zimene ndinabisa, poti inu owerenga ndinu oyamba kuzimva zonse kunja kwa banja lathu.

Kumayambiriro kwa Juni uja, mayi wina wa pa mzere wathu anandiuza nzeru. Anati nkhalamba yosagona mankhwala ake ndi timapiritsi ta chimfine, ta pagolosale pomwepa. Ndinayamba kusinja kamodzi ndi supuni n'kuthira mu tiyi wawo wamadzulo, shuga wambiri. Ataonjeza kuyenda, ndinati kamodzi kachepa, ndinaika tiwiri. Kenako titatu. Tiyi wakuda bii, kapu yaikulu, tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu. Kuyenda kofika m'bandakucha kuja, kubuula kuja, ndinkakupereka ndine pa kampando.

Ndipo usiku wa Lachitatu uja ndinawaona.

Masilipasi atasiya kumveka, ndinaganiza kuti agona. Ndinatsegula chitseko pang'ono kuti ndithamangire panja. Anali m'paseji, atakhala pansi pa simenti, atatsamira khoma la chipinda chawo. Masilipasi anawavula, anatsala ndi masokosi, kuti asandisokose. Buluku atapinda mpaka m'mawondo, ankamenya akatumba ndi zibakera, mpango atauluma m'kamwa kuti kulira kusamveke. Misozi inali mbwembwembwe. Kanali koyamba kuona nkhope yawo, ndipo inali nkhope ya Lusayo yeniyeni. Iwo sanandione. Ndinatseka pang'onopang'ono n'kukhala pa ndowa yanga.

Chitseko changa sanachiyandikire. M'mawa mwake ndinanena zimene ndinanena.

Nditachoka ku sikelo ndinamupeza Lusayo akukonza njinga kuseri. Ndinagwada ndi mimba yanga pafumbi n'kumuuza zonse, mapiritsi, masokosi, mpango. Ndinkayembekezera mbama. Sinabwere.

"Anandifunsa ngati ndikukhulupirira," anatero, maso ali pa tcheni. "Ndinakhala chete."

"Lusayo, ndimenye."

"Ukudziwa kuti basi ya ku Karonga imayenda maola angati? Munthu amene sangathe theka la ola pampando?" Anasiya tcheni. "Ndiye kuti anaima njira yonse. Chikwama ndinakana kuwanyamulira."

Usiku umenewo anasamukira m'chipinda chimene bambo ake ankagona. Ali momwemo mpaka pano.

7

Mwana anabadwa mu Januwale 1997, wamkazi. Sabata yomweyo miyendo yanga inazizira ngati sinavutepo. Mvula itatha tinakwera basi tonse, ine, Lusayo, Zipora ndi khanda.

Tinafika masana. Ine anandikhazika kuseri kwa mpanda wa bango, apongozi anga ali pakhonde mbali inayo. Lusayo anali atagwa kale pamapazi awo, ndinkangomva kusisima. Nthawi yanga itakwana ndinanena zonse, Zipora akubwereza mawu amodziamodzi ngakhale iwo ankandimva bwinobwino.

Kenako apongozi anga anati, "Zipora, muuze mwanayo kuti za mankhwala ndinkadziwa. Tiyi ankawawa."

"Nanga munkamweranji, Tata?" anafunsa Zipora.

"Ndinkati mwana waona ndikuvutika. Poti sangandipatse mankhwala pamanja, akundithandiza mobisa. Ndinkamaliza kapu yonse kuti asakhumudwe."

Ndinaluma chitenje. Ndikanakonda anditukwane mpaka dzuwa kulowa.

"Umuuzenso kuti ndamukhululukira," anapitiriza. "Ubweretse mdzukulu wanga ndimuone. Ndipo umufunse, miyendo yake inaleka?"

"Inaleka," ndinayankha.

"Ndaga. Ndi zowawa zija, asazimvenso."

Lamlungu ndinapempha kuonana ndi akuluakulu a mpingo wawo. Ndinalowa ndi mtima woti lero ndikonza. Anali asanu ndi mmodzi, atakhala pa benchi imodzi, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Wapampando anavula magalasi.

"Amayi, nkhani zotere si zachilendo. Banja likaona manyazi, limanyengerera mkazi kuti asinthe mawu. Musaope, tikumvetsa."

"Palibe wandinyengerera. Ndinanama ine."

"Ngati munanama nthawi ija, lero tidziwa bwanji kuti simukunama?"

Ndinatulutsa khadi la ku sikelo, pamene mayi Fatimah analemba dzina la matendawo. Analipatsirana m'manja, mmodzi n'kuti, "Khadili ndi lanu, si la a Mwangolera. Iwo adokotala anati alibe kanthu." Anati nkhaniyo aiona. Anandiperekeza mpaka pakhomo mwaulemu, ngati munthu wodwala.

Akuionabe. Ndalemba makalata atatu, Lusayo awiri. A Mackson akuti sangabweze kalata yawo, poti mawu anawamva okha ndi makutu awo. Madzi akatayika saoleka, ndipo otaya ndinali ine.

Mwezi uliwonse timatumiza mapiritsi a ayironi, zilonda zinachizidwa, tiyi wamadzulo anasiya, ndipo Zipora akuti tsopano amagona maola anayi kapena asanu. Koma kutchalitchi amaimabe kumbuyo, anzawo akudya mgonero. Amayi a m'mudzimo akawaona akuzungulira nyumba madzulo amaitana atsikana awo kuti alowe.

8

Owerenga anzanga, sindinalembe kuti mundimvere chisoni. Chisoni changa ndimadya nacho, ndimagona nacho ndekha.

Ngati kwanu kuli munthu amene sakhazikika dzuwa likalowa, amene amati muli nyerere m'miyendo koma pakhungu palibe kanthu, musamuseke, musamutche mfiti, ndipo chonde musamugonetse ndi mapiritsi a pagolosale. Pitani naye akamuyeze magazi. Akabwezedwa, pitaninso kwa wina. Muwotchereni madzi, mumsisite miyendo, mumsiyire njira yoti ayendemo. Ndipo ngati mwambo sukulolani kumufunsa nokha, tumani munthu akafunse, kawiri ngakhale katatu. Ine ndinali ndi Zipora, ndinali ndi Lusayo. Ndinawatuma kukanena bodza, koma sindinawatumepo kukafunsa kuti, "Tata, tikuthandizeni bwanji?"

Bodza ndinaliyamba m'mawa umodzi, ndili pabedi, ndipo linafika ku Karonga sabata isanathe. Choonadi ndachinena kwa mwamuna wanga, kwa alamu, kwa akulu asanu ndi mmodzi, ndi m'makalata, koma palibe akuchilandira. Nkhalambayo ili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Sindikudziwa kuti yatsala ndi nthawi yotani, ndipo ndatha nzeru.

Mwina magazini ino ifika kumene mawu anga akukanika kufika. Ngati ndinu wa kumeneko, ngati munaphunzitsidwapo ndi iwo, ngati munakhala pa benchi ija, ndikukupemphani muwerenge mzere uwu mokweza, anthu ali pomwepo. Ine Vaileti, mkamwana wawo, ndinaona ndi maso anga. A Laws Mwangolera sanagwire chitseko changa.